Lilime la Ensaf

Mumsewu wathu wa osula siliva ku Beni Suef zidindo za boma zinali zitatu, koma amayi akumudzi ankawerenga zinayi. Chachinayicho chinali malovu a Ensaf.

Musaseke, ndikunena zoona. Ine Tadros ndinayamba kusula siliva ndevu zisanamere, ndiye zimene ndikunenazi ndinaziona ndi maso angawa. Chigwinjiri chinkabwera kuchokera ku ofesi yodinda chili ndi timabokosi take titatu, tating'ono ngati njere za mapira. Koyamba kanali ka nambala yonena kuyera kwa silivayo, kachiwiri ka chithunzi cha mphaka, kachitatu ka chilembo cha chaka. Zonse zili m'malo mwake. Koma mayi wakumudzi ankachitembenuza uku ndi uku, n'kufunsabe kuti, "Nanga azakhali Ensaf anyambita?" Ukati ayi, ankachibweza patebulo ngati chamuotcha.

Ensaf ankayenda ndi mtanga pamutu khomo ndi khomo. Ankatenga ndolo, mikanda ndi zigwinjiri kwa ife osula, n'kukazionetsa kwa amayi amene amuna awo sankawalola kufika kumsika. Sukulu sanaione n'komwe khomo lake. Ukamupatsa pepala ankaligwira chozondotsa, koma ukamupatsa siliva ankatseka maso, n'kuyendetsa nsonga ya lilime m'kati mwake mpaka atapeza timabokosi tija.

"Nainte uyu, wabwino zedi," ankatero. Kapena, "Eyite, apita." Akapeza sikisite, amene pafupifupi theka lake ndi mkuwa, ankakwinya nkhope ngati waluma ndimu. Ndipo sankadalira chidindo chokha ayi. Akuba ena ankadula kachidutswa kodindidwa pa siliva wakale n'kukamata pa mkuwa woyeretsa, koma iye ankanyambita mbali ina, kutali ndi chidindo, basi wakuba wayaluka.

"Siliva amakoma ngati madzi a mumtsuko m'mawa," ankandiuza. "Mkuwa umakoma ngati magazi a dzino logwedera."

Ine zimenezi zinkandinyansa, ndisaname. Munthu wapukuta katundu wako mpaka kuwala mbee, wina n'kubwera kudzamuthira dovu!

"Inu a Ensaf, katundu wangayu si switi."

"Khala chete iwe mwana wa Girgis. Lilime langali n'loyera kuposa manja akowo."

"Ndili ndi mwala woyesera, ndili ndi mankhwala, boma ladinda. Mukufunanso chiyani?"

"Boma linayamba lagonapo ndi njala chifukwa chogula mkuwa? Patse kuno."

Tinkakangana chotero tsiku ndi tsiku, ndipo tsiku limene sanabwere tiyi sankandikomera.

Chaka chimene boma linachotsa mphaka pachidindo n'kuikapo duwa la kakombo, msewu wathu unangoti zii. Amayi anakana kwamtuwagalu. Ankati duwa limafota, ndiye siliva wa duwa adzafotanso. Tinalongosola mpaka kummero kuuma kuti nambala ndi yomwe ija, osatimvera. Sabata yachitatu Ensaf anabwera pakhomo panga, osula onse ataunjikana ngati pali maliro. Anatenga chibangiri cha duwa, natseka maso, n'kunyambita nthawi yaitali, ife mitima ili m'mwamba.

"Mphaka alimo," anatero. "Wangobisala m'maluwa."

Mawu amenewo anayenda midzi yonse kuposa bulu wa amtengamakalata. Pofika Lachisanu tinali titagulitsa ngati kale.

Iye mwini anali ndi chigwinjiri chimodzi chokha, kumwendo wamanzere. Zigwinjiri zimayenda ziwiriziwiri, ndiye aliyense womuona koyamba ankafunsa za chinzake, ndipo nkhani ya Hasanein inkayambira pomwepo. Ine ndinaimva kambirimbiri. Ankakonda kuikamba masana, dzuwa likaswa mtengo, msewu wonse ukuwodzera, iye atakhala pamwala wa pakhomo panga ndi kapu ya tiyi m'manja.

Hasanein anali msuweni wake, woyendetsa ngalawa za miyala. Ensaf ankati mwamunayo ananyamula miyala zaka ziwiri, mapewa mpaka kusupuka, kuti amugulire chigwinjiri cha nainte chokhala ndi mphaka. Tsiku laukwati anachitseka yekha pamwendo wa mkazi wake ndi nyundo ya mungalawa, chidindo chili m'kati, kukhungu. Anakhala m'banja miyezi inayi. Madzi atasefukira chaka chimenecho, Hasanein anakweza miyala yopita ku Kairo, n'kunena kuti akabwera ndi chigwinjiri chinzake. Ngalawayo sinafike ku Kairo, ndipo kuno sinabwerere. Ngakhale thabwa lake silinapezeke.

Akafika pamenepa mawu ake ankatsika, maso n'kuloza kumapeto kwa msewu kumene kunkaoneka kachigawo ka mtsinje. Ankati madzi akadzaza minda, migwalangwa n'kuima m'madzi mpaka m'chiuno, iye ankaona thanga loyera la ngalawa likudutsa pakati pa mitengoyo pang'onopang'ono, popanda mphepo. Tsiku lina ankati Hasanein waima kutsogolo akusenda nzimbe. Tsiku lina ankati wagona chagada pamiyala, chipewa chili kumaso, ngalawa ikudziyendera yokha kudutsa midzi imene anthu ake sanaimvepo dzina. Sankati anamira ayi. Ankati anapitirira.

"Dzulo munati ankasenda nzimbe," ndinkamudula.

"Wamaliza nzimbeyo, lero wagona. Ukufuna azingodya?"

Kenaka ankasisita chigwinjiri chija n'kunena kuti, "Mphaka wanga ali m'katimu, wagona. Thanga lija likamadutsa ndimamumva akutembenuka."

Tsono chimene chinkandidya ine ndi ichi: chigwinjiricho sichinali siliva. Ndinadziwa tsiku loyamba limene chinagunda mwala wa pakhomo panga. Siliva akagunda mwala amayankha mofatsa, koma chimenechi chinkalira ngwee, ngati supuni ya kulesitilanti. M'nyengo yotentha khungu la pakakolo pake linkabiriwira. Mmisiri aliyense wa mumsewu wathu akanatha kuona, koma ndani akanayang'anitsitsa mwendo wa mkazi wamasiye? Komanso ndani akanakayikira chimene Ensaf wanena kuti ndi nainte? Ine ndinkati mumtima, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mayi woyesa siliva wa chigawo chonse, chake chokha lilime silifikapo! Ndinkamuda Hasaneiniyo ngakhale sindinamuonepo. Ndinkati anapusitsa mwana wa eni, ndipo mwina ali moyo kwinakwake ndi mkazi wina. Koma pakamwa ndinatseka zaka makumi anayi.

Ukalamba sugogoda. Maso a Ensaf anayamba kuchita nkhungu, mpaka ankandizindikira ndi chifuwa changa chokha. Kenaka miyendo inayamba kutupa. Chigwinjiri chija chinamira mumnofu ngati waya pamtengo, phazi n'kuda. Badriya, mwana wa mlongo wake, mayi wa ana asanu amene ankamusunga, anapita naye kuchipatala, ndipo dokotala sanazungulire: chichoke chigwinjiri, apo ayi lichoka ndi phazi.

Ensaf anabwera kwa ine Lolemba, atagwira phewa la Badriya.

"Tadros, udzadule ndiwe. Sindikufuna macheka a kuchipatala odulira mafupa a anthu."

"Ndidule pompano?"

"Ayi, Lachinayi. Ndiyambe ndamutsanzika." Anamwetulira ngati mtsikana. "Zaka makumi anayi ndi zitatu sindinamulonjere mphaka wanga. Chala chinasiya kulowa kalekale. Lachinayi ndimunyambita."

Atachoka ndinaika tupa pansi n'kuyamba kulingalira. Lachinayi mayi uyu adzaika lilime m'kati mwa chigwinjiri, adzapeza mulibe bokosi ngakhale limodzi, adzamva kukoma kwa magazi. Maso alibe, mwana alibe, miyendo yatha. Chimene anatsala nacho ndi thanga loyera lija basi, ndipo ine ndi macheka anga ndiye ndikalimize. Zinandiwawa kwambiri.

Pansi pa bokosi langa panali zigwinjiri ziwiri zakale za nainte, za nthawi ya mphaka, zolemera mofanana ndi chake. Ndinaika kagalasi kudiso n'kuona chilembo cha chaka. Chinali cha chaka cha ukwati wake chenicheni, ndipo ndinati Mulungu wavomereza. Ndinatenga chimodzi n'kuchidula ndi macheka. Ndinachikwecha ndi mchenga kuti chioneke chodyeka, n'kuchigunditsa pamwala malo amene chake chinali ndi mabala. Kenaka ndinachitsekera mumphika ndi mazira owiritsa ophwanya kuti chide, n'kuchipaka mwaye ndi mafuta.

Mkazi wanga Wadida anandipeza ndikununkha mazira.

"Mukukalambitsa siliva? Inu? Mwafika imvi ndi dzina labwino, mukufuna mukalowe m'manda ndi lonunkha?"

"Sindikugulitsa, ndikupereka ulere."

"Bodza laulere si bodza?"

"Mayi, pita ukaone nyemba zako zikupserera."

Anapita, koma chitseko anachimenyetsa.

Lachinayi m'mawa Ensaf anafika atavala diresi lake lakuda la pa zikondwerero. Ndinamukhazika pampando, phazi pa katsamiro. Badriya ndinamutuma kukagula madzi a nzimbe kumapeto kwa msewu, kumene kumakhala mzere wautali. Ndinalowetsa kachikopa pansi pa chigwinjiri kuti macheka asakhudze mnofu, ndipo Ensaf analuma mlomo osalira. Ndinayamba kudula. Utuchi umene unkagwa unali wachikasu, ndipo ndinkaupukuta msangamsanga ngati angauone.

"Ukunjenjemera," anatero.

"Ndakalamba."

"Unabadwa wokalamba iwe. Dula bwino, usamudule mchira."

Ndinakanula ndi mbaniro ziwiri mpaka chinachoka. Pamene chinali panatsala mzere woyera, wonyowa, ngati khungu la khanda. Anapumira m'mwamba n'kutambasula dzanja.

"Patse."

"Dikirani ndichitsuke, chadetsedwa. Mukufuna kunyambita litsiro la zaka makumi anayi?"

Ndinalowa nacho kuseri kwa nsalu. Sindinachiyang'ane n'komwe. Ndinachiponya m'chitini cha zidutswa za mkuwa zimene ndinkapatsa wokonza maprayimasi, mbaula za parafini zija, ndinakhuvula madzi m'beseni kuti amve, n'kutuluka ndi chinzake chija chili chonyowa.

Anachilandira ndi manja awiri. Anachiyeza kulemera kwake. Anatseka maso ake osaonawo monga ankachitira kale, n'kuyendetsa lilime m'kati. Ndinaona pamene anapeza timabokosi tija, chifukwa anaima. Kunja bulu wa wogulitsa anyezi ankalira, ine thukuta lili kamukamu.

"Tadros."

"Wawa."

"Nainte uyu."

"Nanga simunkanena chomwecho? Mwamuna wanu uja anali munthu."

"Mphaka uyu ali ndi miyendo inayi."

"Amphaka onse a boma ali ndi inayi, a Ensaf."

"Wanga ali ndi itatu. Msomali unapindika asanamalize wachinayi." Anaika chigwinjiricho pamwendo pake. "Wamuika kuti? Iwe mwana wa Girgis, mphaka wanga wamuika kuti? Ngati wamuponya pamoto, undiuze ndife pompano."

Kalanga ine! Ndinathamangira kuseri kuja n'kukhuthula chitini chonse pansi. Wokonza maprayimasi ankabwera Lachinayi lililonse masana, ndipo akanachedwa kundifunsa mayiyu, chikanapita. Ndinachitola, ndinachitsuka ndi sopo ndi kaburashi, n'kuika kagalasi kudiso. M'kati munalibe bokosi lililonse. Munali kachithunzi kokanda ndi msomali, kokhotakhota, kofufutika theka chifukwa cha thukuta. Makutu aatali ngati a mbuzi, mchira ngati mbedza, miyendo itatu.

Ndinamupatsa. Fisi akagwa m'mbuna sayankhula.

Anachigwira ngati mwanapiye. Lilime litafika pamalopo nkhope yake yonse inamasuka, misozi n'kuyamba kutsika, uku akuseka.

"Ndi yemweyu. Waonda, koma ndi yemweyu."

"Munkadziwa?"

"Iwe, ine Ensaf? Ndivale mkuwa zaka makumi anayi osadziwa? Umandiyesa chitsiru eti?"

Anandiuza ali chigwirire chigwinjiricho. Alongo ake anali atanenetsa kuti popanda siliva pamwendo palibe ukwati, ndipo panali wogulitsa thonje wina wamimba amene anali wokonzeka ndi zigwinjiri zinayi. Hasanein analibe kanthu koma mapewa ake. Kutatsala tsiku limodzi kuti ukwati wawo uchitike, anamuitanira kuseri kwa khola la njati n'kumuonetsa.

"Anati, 'Ensaf, sindikunamiza, uwu ndi mkuwa. Mphakayu ndajambula ndekha, angogwirizira malo mpaka weniweni abwere. Ukakana sindikudandaula.' Ndinaseka mpaka kukhala pansi. Ndinati mphaka wanji ngati mbuzi? Ndiye ndinanyambita, kumuseka. Kanali koyamba kuika chitsulo pakamwa. Kukoma kwa mkuwa ndinakudziwira pamenepo, kwa siliva ndinadzaphunzirira kwa inu kuno."

"Nanga alongo anu?"

"Mayi anafunsa pamaso pa anthu kuti mphaka alimo? Ndinati alimo, ndamuona ndi maso anga, nainte. N'kutambasula mwendo msanga kuti akhome asanachigwire wina." Anapukuta mphuno ndi nsonga ya mpango. "Bodza langa ndi limenelo, limodzi lokha, ndipo ndalisamala bwino. Iye sanandinamizepo. Anakwera ngalawa ija kuti akandigulire weniweni, ine ndikumuuza kuti usapite, madzi akwiya, amene ndili nayeyu akundikwana."

Manyazi anandigwira mpaka kumapazi. Munthu amene ndinamutukwana mumtima zaka zonsezo anali woona kuposa ine.

Anakankhira siliva uja kwa ine ndi chala chimodzi.

"Ichi usungunule lero lomwe. Mazira ndawamva, usaganize kuti sindinawamve. Unachita bwino ntchito yake, ndipo n'zimene zikundiopsa." Anatembenuzira nkhope kumene kunkachokera mpweya wanga. "Zaka makumi anayi ndakhala ndikuuza amayi kuti dzanja la Tadros silinama."

"Ndinachitira inu, a Ensaf."

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake sindiuza munthu."

Badriya anafika ndi madzi a nzimbe n'kutipeza tonse maso ali psuu. Anafunsa ngati macheka anamucheka, ndipo Ensaf anati inde, pang'ono. Asanapite, Ensaf anandiuza kuti ndidule kachidutswa kokhala ndi mphakayo, ndikaboole, ndikamangire chingwe. Ndinasalaza m'mbali mwake ndi tupa yanga yabwino kwambiri, imene sindinkaigwiritsa ntchito pa mkuwa. Anakavala m'khosi, m'kati mwa diresi. Potuluka phazi lake linagunda mwala wa pakhomo, ndipo sipanamveke kanthu.

Phazi linapola, koma kumidzi sanapitenso. Ankabwera m'mawa uliwonse kudzakhala pamwala uja, ndipo amayi ankamutsatira komweko ndi timafukusi tawo. Masana ankakambabe za thanga loyera, ndipo kwa anthu ankanenabe kuti chinali cha nainte, ine n'kumagwedeza mutu kuvomereza. Sindinamudulenso mawu, kaya Hasanein asende nzimbe kaya agone. Nthawi zina, tulo tamasana tikandiba, ndinkaliona nanenso thangalo likudutsa kumapeto kwa msewu.

Chinasintha n'chimodzi. Katundu wa osula ena ankanyambita kamodzi, n'kunena nambala. Wanga ankanyambita kawiri. Palibe anazindikira, ngakhale Wadida, koma ine ndinkaona, ndipo nthawi iliyonse zinkandilasa. Sindinadandaule. Ndikanati chiyani?

Anamwalira patapita zaka ziwiri, chaka chimene mtsinje unaleka kusefukira. Kwawo munthu amapita kumanda ndi nsalu yoyera yokha, ndiye amayi osambitsa anamuvula kachingwe kaja. Patapita masiku atatu Badriya anabwera nako atakakulunga m'kapepala.

"Anati ndikupatseni inu, amalume. Akuti mudziwa nambala yake."

Atachoka ndinatseka chitseko dzuwa lili pamutu, chinthu chimene sindinachitepo. Kagalasi ndinakasiya patebulo. Ine Tadros, amene ndinanyansidwa ndi malovu a mayi uja moyo wanga wonse, ndinatseka maso n'kuika kamkuwako palilime. Kankakoma ngati magazi a dzino logwedera. Ndinafufuza ndi nsonga ya lilime mpaka ndinapeza makutu, mchira, ndi miyendo itatu.

Ndinanyambita kamodzi kokha. Kanali kokwana.